Mmene mjigo wathu unawolokera kutsidya

Ana inu, ikani kaye zigubuzo pansi. Ndakumvani kuyambira m'mawa mukudandaula kuti pamjigo pali mzere wautali, ati mikono yakuwawani ndi kupopa. Iwe Tadala, mikono yako yatopa ndi chiyani, poti tsiku lonse imangosisita kafoni? Khalani apa pamthunzi, wina andigwirire mlazawu ndimalize mkeka, ndikuuzeni za mjigo umene unayenera kukumbidwa muno inu musanabadwe koma unapita kwina ife tikuyang'ana. Nkhaniyi ndikaikumbuka mtima umandiwira mpaka lero, ndiye mukamva ndikukweza mawu musathawe, sindikukalipira inu.

Mudzi uno unatchedwa Tsukamiyendo chifukwa cha doko lija mumasambirapo. Kale mlatho unali kutali, ndipo aliyense wochokera ku Chilwa ndi dengu la matemba pamutu ankawolokera Domasi pamenepo, n'kukhala pamwala kutsuka matope asanakwere kumsewu. Amene anayamba kumanga muno anali mayi, agogo awo a agogo anu aakazi. Anabwera wapansi kuchokera kuseri kwa nyanja, mbewu ya kalongonda atamanga pansalu, ana aakazi atatu ali pambuyo. Ana atatuwo ndiwo mawere atatu a mudzi uno: nyumba zakumtunda, zapakati pamene tili ifepa, ndi zakumunsi moyandikana ndi madimba. Aliyense wobadwira muno mukamufunsa bwino akuuzani bere lake, ngakhale amene sadziwa chaka chimene anabadwa.

Ine ndilibe bere muno. Ndinabadwira kutsidya kwa mtsinje, pa Mlambe, mudzi ukuoneka apowo, ndipo ndinabwera kudzakwatira agogo anu a Felesiya ndili ndi khasu, bulangeti limodzi ndi mpando wopinda. Inu a masiku ano mumatengana m'minibasi n'kukachita lendi ku Zomba, osadziwana ndi apongozi. Ife mwamuna ndiye ankasamuka, n'kukhala mkamwini kwawo kwa mkazi, ndipo zaka zoyamba ankakuyesa ngati ng'ombe yogula kumene. Ndikakumana ndi apongozi aakazi panjira ndinkalowa m'tchire, minga ili apo, mpaka adutse. Anandipatsa munda wouma kuposa yonse, umene mbuzi zokha zinkaukonda. Ndinakumba ngalande kuchokera kumtsinje miyezi iwiri yathunthu, ine ndi mnzanga a Labani, mkamwini wa bere lakumunsi, mpaka madzi anafika. Mpunga umene mumadya ndi nyembawu unayambira pa ngalande imeneyo.

Ndipo mpunga wake si uwu wa kuchigayo umangomveka fumbi. Tinkakolola ngala imodziimodzi ndi chigoba cha nkhono, amayi atatu n'kuzungulira mtondo umodzi, misi ikulowa mosinthana osagundana. Fungo la mpunga wa faya likatuluka m'nyumba imodzi, wodutsa pamsewu ankapeza chifukwa chodzafunsira njira. Koma ndasochera, bwererani nane kumtsinje.

Domasi amene ndinamupeza ine anali wa madzi oti ukaponya ndalama yachitsulo umaiona pansi. Anthu tinali ochepa, ndipo m'mbali monse munali mikuyu ndi bango. Kenako anthu anachuluka. Kumtunda kunadzaza nyumba za aphunzitsi ndi a m'maofesi, midzi inabereka midzi ina, mitengo inathera kuwotcha njerwa, ndipo chilichonse chotsukidwa kumtundako chinkatsikira kwa ife. Pofika chaka cha chilala chachikulu chija, chimene tinadya chimanga chachikasu, mtsinje unasanduka msewu wa mchenga. Amene ankakumba zitsime mumchengamo, kulowa mpaka m'khosi, dothi likugumukira pamutu, tinali ife akamwini. Abale enieni aamuna a muno anali kumene anakwatira, wina ku Liwonde, wina ku Naisi, akukumbira akazi awo.

Chilala chitadutsa, nthawi ya zipani zambiri itangoyamba kumene, kunamveka kuti kukubwera anthu okumba mijigo. Mbali yathu ino anati mjigo ndi umodzi, ndipo upita ku mudzi wa anthu ambiri pakati pa Tsukamiyendo ndi Mlambe. Ife tinaseka, chifukwa ngakhale mwana ankadziwa kuti utsi wochuluka umafuka tsidya lino. A Labani anayamba kale kusonkhanitsa miyala yomangira pochapira.

Mfumu ya muno nthawi imeneyo inali mayi wokalamba, maso atafa, ndiye zonse ankayendetsa anali a Filipo, achimwene awo a agogo anu. Mukuwakumbukira akuluakulunu, aja ankayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Iwo anali ndi mwayi chifukwa akazi awo ndiwo anasamukira muno, ndiye sanalawe ukamwini ngakhale tsiku limodzi. Sanali munthu woipa mtima, koma anali wokonda kumva mawu ake omwe.

Tsiku lolemba anthu kunabwera mayi wina wa ku ofesi pa njinga yamoto, wonenepa bwino, wa magalasi. Chichewa chake chinkaonetsa kuti si wakuno, ndipo pambuyo pake tinamva kuti kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Mpando umene anakhalapo unali wanga, wopinda uja. Nkhuku imene anadya masana inali yanga, tambala wofiira amene ndinkasungira Khirisimasi. Tinakhala pansi pa mango aja anagwa ndi mphepo, amayi mbali ino pamikeka, a Filipo pafupi ndi mlendo, ife akamwini chapatali pamizu ya mtengo monga mwa nthawi zonse.

A Filipo anaimirira n'kuyamba kutchula anthu, bere ndi bere, osayang'ana papepala. Pamenepo ndiwayamikire, mutu anali nawo. Anatchula amayi, ana awo, zidzukulu, mpaka khanda lobadwa sabata yomweyo. Anatchulanso abale awo onse aamuna. Mayi uja pa dzina lililonse ankafunsa funso limodzi.

"Ameneyu amagona muno?"

"Ndi mwana wa muno weniweni," anatero a Filipo. "Kungoti anakwatira ku Liwonde."

"Ndiye madzi amamwa ku Liwonde," anatero mayiyo, n'kudula dzinalo ndi bolopeni.

Anadula wa ku Liwonde, wa ku Naisi, wa ku Joni, onse amene anachoka. A Filipo nkhope inayamba kugwa, koma sanatsutse. Atamaliza, mayiyo anayang'ana bukulo, n'kuvula magalasi.

"Bambo, mudzi uno uli ndi amayi ndi ana okhaokha? Amuna awo a amayiwa ali kuti?"

A Filipo analoza kwa ife ndi nsonga ya ambulera, osatembenuka n'komwe.

"Ndi awo. Koma amenewo ndi alendo, mayi. Akalembedwa kwawo."

Mayiyo anatiyang'ana, amuna aakulu a imvi tili pamizu, ndipo ndikhulupirira anaganiza kuti tabwera kudzacheza kapena kudzagwira ganyu. Anatseka buku. Ndipo ife tinakhala chete, ana inu, apa ndiye pamandipsetsa mtima kwambiri. Mkamwini sankayankhula pabwalo asanafunsidwe, ndipo tinazolowera zimenezo mpaka pakamwa panachita dzimbiri. Ine ndinali nditakhala muno zaka zoposa makumi atatu, ana asanu, mano awiri atathyokera pa ntchito ya denga la tchalitchi, koma ndinangoyang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi kamtengo. Ndimawakwiyira a Filipo, inde, koma ndimadzikwiyiranso ndekha.

Madzulo ake ndinawafunsa agogo anu akupeta mpunga pakhonde.

"Amayi a Elube, inu munali pomwepo. Simukanatha kunena kuti bamboyu amagona m'nyumba mwanga?"

"Nanga ndikanatani, bambo a Elube?" anatero osasiya kupeta. "Ndi achimwene anga. Ndiwatsutse pamaso pa mlendo?"

"Mlendo uti? Wa njinga yamoto kapena ine?"

Anangotenga lichero n'kulowa m'nyumba, ndipo tinatha masiku atatu tikuyankhulana kudzera mwa ana. Ndinkawakonda agogo anu, Mulungu awasunge kumene ali, koma tsiku limenelo anandipweteka.

M'mawa mwake ndinati chabwino, poti ndine wa kutsidya, ndikalembedwe kutsidya. Ndinapinda buluku n'kuwoloka. Ku Mlambe ndinapeza mwana wa mlongo wanga, Modesta, akusenda chinangwa, ndipo anandiyalira mphasa mwaulemu ndithu.

"Atsibweni, dzina lanu tinalitchula," anatero. "Koma mayi uja anafunsa ngati mumagona kuno, ndiye analidula. Anati mulembedwa kumene muli."

"Nanga amuna anu inuyo, akamwini a kuno?"

"Onse analembedwa. Aphunzitsi aja anakwatira kwa achemwali anaimirira n'kunena kuti aliyense womwa madzi alowe m'buku. Anthu anang'ung'udza, koma analowa."

Ndinabwerera ndili ndi manyazi osaneneka. Ndinaima pakati pa mtsinje, madzi ali m'mawondo, ndikuyang'ana uku ndi uku. Tsidya lino ndinali mlendo, tsidya lija ndinali wochoka. Ndipo sindinali ndekha, tinalipo amuna odzaza mabenchi atatu a kutchalitchi, onse osapezeka m'buku lililonse. Mbuzi za a Filipo zinali ndi mwayi kuposa ife, chifukwa alangizi anali atazilemba chaka chomwecho.

Ine ndi a Labani tinagwirizana zopita ku Zomba kukakonza. Inu mukangomva Zomba mumayamba kupempha ya minibasi. Ife tinapalasa njinga, yanga ija ya mabuleki a ndodo, titamanga chinangwa chophika ndi botolo la thobwa pa kaliyala. Pachitunda cha ku Naisi tinatsika n'kumakankha, a Labani akutukwana a Filipo pa sitepe iliyonse, munthu woti anali mkulu wa mpingo. Titafika tinafunsa makomo anayi tisanapeze loyenera. Mayi wa magalasi uja tinamupeza, ndipo atamva nkhani yathu anagwira pakamwa.

"Bambo, bwanji simunanene tsiku lomwe lija?"

Iye anatiuza kuti mapepala apita kale kwa akuluakulu, koma tikabweretsa kalata yochokera kumudzi, yonena kuti ndife okhala momwemo, isanathe sabata, ayesetsa kuilowetsa. Tinapalasa pobwerera ngati anyamata, osaima ngakhale kumwa thobwa lija.

A Filipo tinawapeza akusoka ambulera yawo pakhonde. Tinagwada monga mwa mwambo, ine munthu wamkulu kuposa iwo ndi zaka ziwiri, n'kufotokoza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Alamu, ine ndilibe nanu mangawa. Koma buku la boma si kope la mwana wasukulu. Ndikakulembani lero kuti ndinu a muno, mawa ine nditafa, abale anu a ku Mlambe adzabwera ndi pepala n'kunena kuti munda wa ngalande uja ndi wawo. Ndidzawayankha chiyani amayi amene anatisiyira malo ano?"

"Ife tikunena za madzi, alamu," anatero a Labani. "Munda wanu ndani akuufuna? Tikafa tinyamula?"

"Zimayamba choncho," anatero a Filipo, n'kubwerera ku singano yawo.

Tinapitako katatu sabata imeneyo. Kachitatu anatuma mwana kudzatiuza kuti apita kumaliro, pamene ambulera ili pakhomo. Amayi ena ankagwirizana nafe kuseri, kumtondo ndi kudimba, koma pamaso pa a Filipo aliyense ankangokonza mpango kumutu. Mudzi wonse unaopa pepala limene linali lisanalembedwe n'komwe, n'kusiya kuopa madzi amene ana ankamwa tsiku ndi tsiku. Sabata inatha.

Chigalimoto chokumba chinabwera m'chilimwe, ndipo chinadutsa pamphambano yathu osakhota. Tinachiona chikuzungulira kumlatho n'kukaima pa Mlambe. Masiku atatu tinkamva kugunda kwake tili m'munda, ndipo tsiku lachinayi tinamva nthungululu. A Labani anatenga wilibala n'kukataya miyala yawo ija mumtsinje, umodziumodzi, mudzi wonse ukuonerera. A Filipo anauza anthu kuti palibe chaipa, Mlambe ndi pafupi, amayi aziwoloka kukatunga.

M'chilimwe zinkatheka ndithu. Amayi ankawoloka ndi ndowa pamutu, n'kukaima kumapeto kwa mzere kudikira eni mjigo atunge kaye. Koma Domasi wa dzinja mukumudziwa. Mvula ikagwa kuphiri, ngakhale kuno kuli dzuwa, amabwera wofiira atanyamula zitsa ndi nthochi za eni, ndipo palibe amawoloka. Chaka chimenecho anadzaza osaphwa pafupifupi sabata ziwiri. Kuzungulira kumlatho ndi ndowa kunali kutha theka la tsiku, pamene mpunga ukufuna kuwokera. Anthu anayamba kutunga m'mphepete momwemo, n'kumadikira matope akhale pansi mumtsuko. Nkhuni zinali zonyowa, zowiritsira madzi zinkachokera kuti?

Elube, mayi ako iwe Tadala ndi iwe Yamikani, enanu mumati amayi aakulu, anali ndi mwana wake woyamba nthawi imeneyo. Dzina lake anali Esinati. Anali atangoyamba kuyenda, ndipo ankakonda kugwira chala changa ichi n'kumandikokera ku khola la nkhunda. Simunamumvepo chifukwa mayi anu safuna kumutchula, ndipo musakawafunse. Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri m'mawa. Tinamupatsa madzi a mchere ndi shuga, koma madzi ake anali omwewo. Pofika Lachitatu masana maso anali atalowa, ndipo ndinakweza Elube pa kaliyala, mwana ali kumsana, kulunjika kuchipatala cha ku Malosa. Msewu unali phala lokhalokha, malo ena ndinkatsika n'kumakankha onse awiri. Tisanafike pamsewu wa tala, Elube anandigwira malaya.

"Ababa, imani."

Ndinaima. Anamasula nsalu, n'kumuyang'ana mwanayo, n'kumufunditsa kumaso. Tinabwerera wapansi, ine ndikukankha njinga yopanda munthu.

Mwezi umenewo muno munatuluka maliro a ana atatu, bere lililonse mwana wake. Sindinganene kuti mjigo ukanawapulumutsa onse, ine si dokotala. Koma ku Mlambe, kumene tinkamva ana akusewera madzulo, sikunatuluke maliro a mwana ngakhale amodzi dzinja limenelo. Manda a Esinati anakumba a Labani ndi akamwini anzathu, m'dothi lodzaza madzi, akukapa ndi mbale. Bokosi ndinakhoma ndekha ndi matabwa a chitseko cha nyumba yanga. Pamaliro a Filipo anayankhula m'malo mwa mbumba, n'kuthokoza alendo athu chifukwa chogwira ntchito. Ndinadzuka pamaso pa anthu onse n'kuchoka iwo akuyankhula, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

Patapita sabata, m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, ndinali pakhonde ndikukhoma chitseko china cha bango. Ndinaona a Filipo akubwera, m'manja muli kope ndi pensulo. Agogo anu anali atapita kwa iwo dzulo lake, ndipo zimene anakawauza sanandifotokozere mpaka kumwalira kwawo, koma anthu a nyumba zoyandikana anati mawu awo anamveka mpaka kumadimba. A Filipo anaima pabwalo osayandikira, ngati munthu wodzapempha moto.

"Alamu, akuti chaka chamawa okumba aja adzabweranso. Ndati ndilembe kalata ija."

Ndinapitiriza kumanga bango langa.

"Ndayamba ndi inu," anatero, akutembenuza pensulo m'manja. "Koma mundikhululukire. Ife timangoti bambo a Elube. Dzina lanu lenileni ndinu ndani?"

Zaka makumi atatu ndi kuposa, ana inu. Ndinawaphera nkhuku, ndinawanyamula pamachira atathyoka mwendo, ana anga ankawatcha atsibweni, ndipo sankadziwa dzina langa. Ndinafuna kuwalanda kopelo n'kuliponya pamoto. Kuseri kwa nyumba Elube ankatsuka mtsuko ndi madzi ofiira omwe aja, chifukwa ena kunalibe.

A Filipo ndinawakankhira chitsa ndi phazi kuti akhalepo.

"Langa mulemba pomaliza," ndinatero. "Tilipo ambiri, ndipo simutuluka pano musanamalize. Yambani ndi amene anakumba manda a mdzukulu wanu. Lembani Labani."